Ndinafufuta agogo pofuna kuthamangitsa laputopu

Kuno ku Senga Bay tili bho, mwera wangoleka dzana, maboti ayambanso kulowa. Uthengawu ndi wautali, ndikudziwa, amene muli pa ntchito muusunge mudzawerenge madzulo. Ndalemba chifukwa dzulo mnzathu wina anafunsa pagulu pano kuti laputopu yake ikuchedwa, ikumuuza kuti memory yachepa, ndiye adilite chani. Anthu atatu anamuyankha kuti dilita mavidiyo ndi zithunzi. Aise, usadilite kaye. Ine ndinachita zomwezo chaka chatha, ndipo zimene ndinataya sizinabwerere zonse.

Laputopu yakwathu inabwera ndi amalume kuchokera ku Joni, yogwirapo kale ntchito, ya Windows 10, batani limodzi lothothoka. Kunyumba ndi ya tonse. Mchemwali wanga amawerengerapo manotsi a Fomu 4, ana amaonerapo mafilimu magetsi akakhalapo, koma ntchito yake yeniyeni ndi ya madala. Madala ali ndi boti la injini, mabwato awiri ndi chilimira, ndipo alovi awo amakwana khumi. Kale zonse ankalemba m'kope: mafuta a injini, ndalama zimene mlovi watapa pasadakhale, ngongole za amayi otenga usipa kuti adzalipira akagulitsa. Kope lina linanyowa ndi mvula, manambala n'kusungunuka, anthu n'kukangana sabata yathunthu. Ndi ine amene ndinati tizilemba mu Excel. Ndinawauza madala motumbwa kuti kompyuta siiwala.

Kwa chaka zinayenda. Kenako inayamba ulesi pang'onopang'ono. Ukaiyatsa umatha kupita kukasamba kunyanja n'kubwera isanamalize kudzuka. Ukadina chinthu, kabwalo kaja kamangozungulira. Nthawi zina pasikirini pamatuluka uthenga wachingerezi wakuti memory yachepa, titseke mapulogalamu ena. Ine ndinkangodina OK n'kupitiriza.

Tsiku limene zinandivuta linali mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Mwezi unali ukuwala usiku, ndipo mukudziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndiye ndi nthawi imene madala amawerengerana ndi alovi. Anthu khumi anakhala pansi pa mtengo wa mango, madala pampando, ine laputopu pamiyendo. Ndinadina fayilo ya ngongole. Zii. Ndinadinanso kawiri, katatu. Inajama. Tinadikira pafupifupi theka la ola, thukuta lili kamukamu. Mlovi wina, wamkulu ndithu, anadzuka n'kunena kuti, “Bwana, ngati ndalama palibe ingonenani. Za makina izi n'zongotizunguza.” Madala sanayankhe. Anangondiyang'ana. Pa zaka zonse zimene akhala padoko palibe anawanenapo kuti ndi wakuba, koma tsiku limenelo mawu aja anatsala pang'ono kutuluka, chifukwa cha nzeru zanga.

Usiku umenewo ndinakwiya nayo. Ndinaganiza monga tonse timaganizira ndi foni: memory yadzaza, chotsa katundu. Ndinayamba ndi mafilimu, kenako nyimbo, kenako foda ina yolembedwa kuti “zakale” imene sindinaitsegule n'komwe. Ndipo sindinangodilita wamba. Ndinadina Shift ndi Delete pamodzi, njira imene fayilo sipita mu Recycle Bin, chifukwa ndinkadziona dolo. Nditatero ndinadawuniloda mapulogalamu awiri aja olonjeza kuti amatsuka ndi kuthamangitsa kompyuta. Ndinagona mtima uli m'malo. M'mawa kuyatsa, ulesi womwe uja, mwinanso kuposa.

Patapita masiku awiri masteni anandiitana kukhitchini. Anati azakhali akubwera kuchokera ku Nkhotakota kudzakambirana zomanga chiliza cha agogo, ndipo akufuna kudzaona mavidiyo aja ndinawajambula agogo asanamwalire. “Uwakonzeretu, usadzatichititse manyazi ngati tsiku lija.” Ndinangoti chabwino, koma m'mimba munatentha. Mavidiyo atatu aja anali mu “zakale”. Foni imene ndinajambulira inagwera m'madzi kalekale. Kwina kulikonse kunalibe.

Amene munawadziwa agogo mukudziwa chimene ndikunena. Anali siginala zaka zambiri, anasodzako ku Mbenji ali mnyamata, ndipo nyanja ankaiwerenga ngati kalata. Vidiyo yaitali inali ya mphindi pafupifupi 20, atakhala pamchenga akufotokoza mphepo: mwera umayamba bwanji, mpoto umasiyana bwanji ndi vuma, zambwe akawomba uchite chani, madzi akasintha mtundu ndiye kuti chani. Ndinkati ndidzaimvetsera bwino tsiku lina. Sindinaimvetserepo mpaka kumapeto ngakhale kamodzi.

Ndinaimbira mnzanga amene tinali limodzi ku sekondale, pano amakonza makompyuta ku Lilongwe. Asanandiseke, asanandifunse zambiri, anati, “Thimitsa pompano. Usasungepo kalikonse, usadawunilode kalikonse.” Anandifotokozera kuti ukafufuta fayilo pa hard disk, siichoka nthawi yomweyo. Kompyuta imangolemba kuti malo awa ndi aulere tsopano, zili ngati thandala limene alengeza kuti lilibe mwini koma usipa ukadali pomwepo, mpaka wina adzabwere kudzayanikapo wake. Chilichonse chatsopano chimene wasunga chikhoza kugwera pamalo omwewo, ndipo chikagwerapo chakale chija chapita basi. Nditamuuza za mapulogalamu awiri aja ndi masiku awiri amene tinapitiriza kuigwiritsa ntchito, anangopuma mozama pafoni.

Kenako anandifunsa funso limene ndinalephera kuyankha: “Memory yake iti imene inadzaza?” Ine ndinkadziwa kuti memory ndi imodzi. Kumeneko ndi kumene ndinagwera, ndipo ndikuona kuti ambiri pagulu pano tili pomwepo.

Mu kompyuta muli malo awiri osiyana amene tonse timangowatchula kuti memory. Oyamba ndi disiki, kumene mafayilo amagona: zithunzi, nyimbo, mavidiyo, Windows yomwe. Ngakhale uthimitse, zimakhalabe. Yathu ndi ya 500 GB. Achiwiri ndi RAM, malo ogwirira ntchito. Pulogalamu iliyonse imene yatseguka imanyamulidwa kuchoka pa disiki n'kuikidwa mu RAM, ndipo ukathimitsa kompyuta RAM imakhuthuka yonse. Yathu inali ya 4 GB yokha. Disiki ili ngati nyumba yosungiramo katundu kumtunda, muja mumakhala maukonde, zigubu ndi matumba a usipa wouma. RAM ndi m'boti. Chimene mukufuna kugwiritsa ntchito usiku umenewo chiyenera kukwera m'boti, ndipo boti lili ndi malire ake.

RAM ikadzaza, Windows siigonja msanga. Imatenga zina zimene sukuzigwira panthawiyo n'kukazisungiza pa disiki, mu fayilo yotchedwa pagefile, ukazifuna n'kukazitenganso. Tangoganizani boti ladzaza, ndiye chilichonse mukachifuna mukupalasa kupita kumtunda n'kubwerera. Disiki yathu ndi yakale ija yokhala ndi mbale yozungulira mkati, ndipo liwiro lake silingayandikire n'komwe la RAM. Kuchedwa konse kuja kunali maulendo amenewa. Uthenga uja wakuti memory yachepa unkanena za RAM. Pa disiki panali malo opitirira 200 GB ndisanafufute kanthu. Mavidiyo a agogo anangogona phee kumtunda, sankalemetsa boti ngakhale pang'ono.

Madzulo ake ndinawauza madala zonse, kuyambira Shift ndi Delete mpaka za boti ndi nyumba yosungiramo katundu. Anali akusoka ukonde, sanadzutse mutu. Nditamaliza anati, “Ndiye iwe boti litalemera unakatentha nyumba?” Ndinati eya, bambo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, “Safunsa anadya phula,” n'kupitiriza kusoka.

Loweruka mnzanga uja anabwera ndi mafulashi awiri. Pa imodzi panali pulogalamu yaulere yotchedwa Recuva, yofufuza mafayilo ofufutidwa. Anaiyendetsa kuchokera pa fulashi pomwepo, osaiika mu laputopu, ndipo zimene inapeza anazisungira pa fulashi inayo, kuopa kupondereza zotsala. Zithunzi zambiri zinabwerera. Mwa mavidiyo atatu, imodzi sinapezeke n'komwe. Yaitali ija ya mphepo inabwera ndi dzina lake, kukula kwake komweko, koma sitseguka mpaka lero. Imene inapulumuka ndi yaifupi, ya masekondi 40: agogo akusoka ukonde, akutsokomola, kenako akuyang'ana kamera n'kunena kuti ndisiye kuseweretsa foni ndikatunge madzi. Azakhali atabwera anaionera kasanu. Anaseka, kenako analira. Za yaitali ija ndinawauza ndekha, sindinadikire kuti afunse.

Tsopano za kukonza, chifukwa mnzathu uja akudikira yankho. Zimene tinachita ndi izi, ndipo zambiri sizifuna ndalama.

Choyamba, funsani kompyuta yomweyo chimene chadzaza. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, patuluka Task Manager. Pitani pa Performance, kenako Memory. Pamenepo muona RAM yonse imene muli nayo ndi imene ikugwira ntchito. Yathu inkaonetsa kupitirira 90 peresenti tisanatsegule ngakhale Excel. Kenako tsegulani This PC muone mzere wa disiki C. Ngati uli wofiira, watsala pang'ono kudzaza, pamenepo kuchotsa katundu kumathandizadi, chifukwa pagefile ija ndi ma update a Windows zimafuna malo. Koma ngakhale zili choncho yambani ndi Disk Cleanup, imene imachotsa zinyalala za kompyuta yomweyo, ndipo zithunzi zanu muzisamutsire pa fulashi, osazifufuta. Ngati mzerewo uli ndi malo ambiri, siyani mafayilo anu, vuto lili kwina.

Chachiwiri, onani amene akwera m'boti. Mu Task Manager momwemo, pa Processes, dinani pamutu polembedwa Memory kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Ife tinapeza kuti browser ili ndi matabu opitirira 20, ena a mchemwali wanga a mwezi wathawo, chifukwa inaikidwa kuti izitsegula zonse zimene unasiya. Tabu iliyonse imadya RAM yake. Tinatseka, n'kuyatsa Memory Saver mu Chrome, imene imagoneka matabu amene sukuwagwiritsa ntchito. Tinapezanso ma antivirus awiri amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, onse otha nthawi, onse akuyenda. Tinawachotsa n'kusiya Windows Security imene imabwera kale mu Windows 10. Mapulogalamu anga awiri othamangitsa aja nawonso anali pomwepo, akudya RAM yomwe ankati akuipulumutsa. Anapita.

Chachitatu, pa Startup. Pamenepo pali mndandanda wa mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamadzuka. Athu anali 14, ena sitinkadziwa n'komwe ntchito yake. Ukadina Disable pulogalamuyo siifufutika, imangosiya kukwera m'boti popanda kuitanidwa, ukaifuna umaitsegula wekha. Chimene simukuchidziwa musachigwire mwachisawawa, jambulani sikirini mufunse kaye.

Chachinayi chinandidabwitsa. Pa Windows 10, Shut down siitsuka zonse. Pali chinthu chotchedwa Fast startup chimene chimasunga mbali ina ya Windows kuti idzadzuke msanga. Imene imayambitsa zonse mwatsopano ndi Restart. Ife kunyumba tinkangotseka chivundikiro basi, miyezi. Pano timapanga Restart kamodzi kapena kawiri pa sabata.

Chachisanu ndi chathu cha kunyanja kuno: mchenga ndi kutentha. Laputopu ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Yathu inkakhala pamatiresi, mabowo a mpweya atatsekeka, ndipo titatsegula kunsi tinapeza fani yodzaza fumbi, ulusi wa bulangete ndi timamba ta nsomba. Tinapukuta ndi kaburashi kouma. Pano imakhala pathabwa.

Zimenezi zokha zinatsitsa RAM kufika cha m'ma 60 peresenti ikangodzuka, ndipo Excel inayamba kutseguka bwinobwino. Koma mnzanga anandiuza chilungamo kuti 4 GB ndi boti laling'ono. Windows yokha imatenga gawo lalikulu, ukatsegula browser ndi Excel pamodzi wabwerera pomwe paja. Pa tsamba lija la Memory pali mzere wolembedwa Slots used, ndipo wathu unkati 1 of 2, kutanthauza kuti pali malo oikapo RAM ina. Malaputopu ena RAM yake ndi yomatiratu, sungawonjezere, ndiye onani kaye musanawononge thiransipoti. Onaninso pa Settings, System, About ngati Windows yanu ili 64-bit, chifukwa ya 32-bit singagwiritse ntchito RAM yopitirira 4 GB ngakhale muike yochuluka bwanji.

RAM nayonso ili ndi mitundu. Tinachotsa imene inalimo n'kuwerenga kapepala kake. Pakalembedwa PC3 ndi DDR3, PC3L ndi DDR3L, PC4 ndi DDR4. DDR3 ndi DDR4 sizilowana, kampata kake kali malo osiyana, ukakakamiza uthyola. DDR3L imayendera magetsi a 1.35 V pomwe DDR3 wamba ndi 1.5 V, ndipo malaputopu ena amafuna ya L yokhayo. Yathu inali PC3L. Ndinaijambula kuti ndikaonetse wogulitsa.

Kupempha ndalama kwa madala kunandilemera kuposa zonse. Ndinayamba mozungulira, iwo anandidula. “Ukufuna kukulitsa boti?” Ndinati eya. Anafunsa mtengo, anawerengera mumtima kuti ndi ndowa zingati za usipa, n'kulowa m'nyumba. Atatuluka anandipatsa ndalama ndi mawu amodzi: “Ukagule kope latsopanonso.” Ndinamva.

Ndinakwera minibasi ku Salima mpaka ku Lilongwe, ndinagula ya 4 GB yogwirapo kale ntchito, ndipo ndinaumirira kuti aiyese mu laputopu yanga pomwepo ndisanalipire. Kuika kwake sikovuta: thimitsa, zula chaja, chotsa batire ngati imachoka, gwira chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi asaononge, lowetsa RAM mopendeka, kanikiza mpaka timawaya ta m'mbali titi thapu. Kuyatsa, Task Manager inaonetsa 8 GB. Mwezi wotsatira utawala, alovi anakhalanso pansi pa mango uja, fayilo inatseguka mlovi wamkulu uja asanamalize kupichira fodya. Madala anawerenga dzina lililonse, kope lili pambali, manambala akugwirizana.

Mnzanga akuti chotsatira ndi kusintha disiki kuika SSD, imene ilibe mbale yozungulira ndipo imadzutsa kompyuta msanga kwambiri. Tikusonkha. Koma anandichenjezanso kuti pa SSD chimene wafufuta kawirikawiri chimapitiratu, Recuva siipeza kanthu. Amene muli ndi malaputopu atsopano, mwayi umene ine ndinapeza wa masekondi 40 mwina simudzaupeza. Ndipo wina akakuuzani kuti ingofomatani, mufunseni kaye kuti mafayilo anu awasungira pati, muwaone ndi maso anu.

Pano chilichonse chofunika chili malo atatu: mu laputopu, pa fulashi imene masteni amasunga m'chitini cha masikono pamodzi ndi makadi a kuchipatala, ndi pa Google Drive imene imapereka 15 GB yaulere. Vidiyo ya masekondi 40 ija ndinaitumiziranso azakhali ndi amalume ku Joni. Yaitali yosatseguka ija sindinaitaye, ili pa fulashi yomweyo, mwina tsiku lina adzapezeka wodziwa kuposa ife.

Za mphepo zija ndinayamba kuwafunsa madala. Sakamba nthawi yaitali ngati agogo, amayankha mawu awiri atatu ali kusoka, ndipo amati zina anaiwala, zina agogo sanawauze. Ndimalemba zimene anena m'kope lomwe lija, kumapeto kwake, kuseri kwa ngongole za mafuta. Sabata yatha anandilola kuwajambula mphindi zisanu akufotokoza za vuma. Ndinaisunga malo atatu ndisanagone.

Ndiye aise amene unafunsa dzulo, dina Ctrl, Shift ndi Esc, ujambule tsamba la Memory, ujambulenso mzere wa disiki C, uponye pagulu pano tione limodzi. Foda iliyonse imene sunaitsegule usaigwire. Enanu tumizani uthengawu kwa amene mukudziwa kuti laputopu yake ikujama. Ine ndathawa, madala akuitana kuti tikakweze injini.